Kulumikiza peptide pa resin ndi njira ya Fmoc

Ana athu a ku Mufakose ndi ku Mbare amene mukuchita chemistry ku yunivesite ya ku Mount Pleasant mu Harare, Strecker mumamudziwa kale: mu 1850 anasakaniza acetaldehyde, ammonia ndi hydrogen cyanide, zotulukazo n'kuziwiritsa mu asidi, amino acid yotchedwa alanine n'kupezeka. Imatuluka theka L theka D (mitundu iwiri yofanana ngati dzanja lamanzere ndi lamanja), komanso cyanide si yoseweretsa. Popanga peptide (unyolo wa ma amino acid olumikizana) timangogula ma amino acid otsekedwa kale ndi Fmoc, kagulu koteteza mbali ya amine.

Kutsekako n'kofunika chifukwa amino acid imagwira mbali zonse ziwiri, ku amine ndi ku carboxyl. Mukalumikiza glycine ndi alanine zosatseka, ma dipeptide atuluka mitundu inayi, inu mukufuna umodzi.

Bruce Merrifield mu 1963 anamangirira amino acid yoyamba pa timikanda ta resin (tonga pulasitiki, tosasungunuka) kuti zotsalira zizingotsukidwa. Mumayambira ku carboxyl kulowera ku amine. Viikani resin ya mtundu wa Wang yokhala ndi amino acid yoyamba mu DMF (mankhwala amadzimadzi osungunulira zinthu) kuti itupe. Chotsani Fmoc ndi piperidine wa 20% mu DMF, mutsuke kangapo. Kenako thirani amino acid yotsatira, yochuluka katatu kuposa ya pa resin, pamodzi ndi DIC ndi Oxyma (mankhwala othandiza kulumikiza), muzigwedeza kwa ola limodzi. DCC, yemwe amagwira ntchito ngati DIC, ine sindimukonda pano, amasiya zinyalala zoyera zosasungunuka zomwe zimakakamira m'mikanda.

Musapitirire musanayese ndi ninhydrin, njira ya Kaiser. Tengani timikanda tochepa, donthezani mankhwalawo, tenthetsani kwa mphindi zisanu. Tikasanduka tabuluu, amine idakali yotseguka, bwerezani kulumikiza. Tikakhala tachikasu, pitirirani. Proline yokha ndiyo imanamiza, sipereka buluu weniweni. Aulesi amadumpha apa, koma werengani nokha: mukamapeza 99% pa sitepe iliyonse, pa masitepe 20 mutsala ndi 82%, pa 95% mutsala ndi 36% basi, yosakanikirana ndi tizidutswa toperewera tovuta kupatula.

DMF akamanunkha ngati nsomba zowola, musamugwiritse ntchito, watulutsa dimethylamine yomwe imachotsa Fmoc nthawi isanakwane. Botolo la mankhwala lochokera m'firiji lidikireni lifunde musanatsegule, makamaka nyengo ya mvula ya kuno, chinyezi chingalowe.

Pomaliza dulani peptide pa resin ndi asidi wa TFA wa 95%, madzi ndi TIS (woteteza peptide podula) pang'ono, mkati mwa fume hood (kabati yokoka mpweya woipa), kwa maola awiri kapena atatu. Sefani, thirani mu ether yozizira, peptide igwa pansi ngati ufa woyera, kenako muiyeretse pa HPLC, makina opatula zinthu zosakanikirana.