Kathiridwe ka mowa wa ku Germany kwa mlendo wa ku America

Ndagwira ntchito ya m'bala zaka zisanu ndi chimodzi kuno ku Tete, chakufupi ndi mlatho wa Samora Machel, ndipo ambiri amene ndimawathirira mowa ndi alendo obwera ku migodi ya malasha ya ku Moatize. A ku America ndiwo anandizunguza mutu poyamba. Ena amafuna mowa wozizira mpaka kupweteka mano, ena amafuna wowawa kwambiri uja amautcha IPA. Ndikawapatsa wa ku Germany, ankangolawa, osaitanitsanso. Vuto silinali mowawo ayi, linali kathiridwe kanga.

Yambani ndi firiji. Kutentha kwa kuno mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, choncho timazolowera kuika botolo lililonse pafupi ndi ayezi. Mowa wa tirigu, umene eni ake amati Weizen, monga Erdinger kapena Paulaner, ukazizira chonchi fungo lake limabisala. Umafuna madigiri 7 kapena 8. Onaninso deti pabotolo, chifukwa katundu ameneyu wadutsa panyanja, n'kudzayendanso mumsewu wautali wotentha. Wokhalitsa musaupereke, ngakhale bwana atadandaula. Mlendo akalawa woipa kamodzi, basi, mwamutaya.

Pakathiridwe m'pamene pagona nkhani. Tengani tambula yaitali ya theka la lita, yopanda mafuta kapena sopo, muitsukuluze ndi madzi ozizira, osaipukuta. Ipendeketseni, muzithira pang'onopang'ono m'mbali mwake. Mukatsala pang'ono kumaliza, imani. Zungulitsani botolo m'manja kuti yisiti yokhala pansi ivunduke, kenako thirani zonse pamwamba. Mowa uchita mbuu, thovu likwera ngati zala zitatu, ndipo mumva kafungo ka nthochi. Mulibe nthochi mmenemo, ndi yisitiyo. Ife amene tinakulira kuona agogo akuvundula masese ku Ulongwe, zimenezi sitizidabwa: chokoma chimakhala pansi pa mtsuko.

Wa ku America kawirikawiri amapempha kachidutswa ka ndimu. Ine ndimati, "Bambo, lawani kaye chonchi," ndimuyo n'kuiika pakambale pambali. Ndimu imapha thovu, ndipo ambiri saikhudzanso.

Wokonda IPA musamupatse Weizen, adzati watsekemera. Mupatseni Pils, mowa winanso wa ku Germany, umene kuwawa kwake kwa hops (timaluwa towawitsa mowa) n'koyera, kosalemera pakhosi, ndipo umayenderana bwino ndi mbuzi yootcha ya ku Tete kapena nsomba ya chikowa. Ukasowa, Windhoek Lager wa ku Namibia amathandiza, popeza amafululidwa motsatira lamulo la ku Germany.

Lamulo limeneli mulidziwe, chifukwa mlendo amakonda nkhani. Dzina lake ndi Reinheitsgebot, linakhazikitsidwa ku Bavaria mu 1516, ndipo linkalola madzi, balere ndi hops basi. Tirigu anamusiyira ophika buledi, ndiye mowa wa tirigu unkafululidwa pachilolezo chapadera. Balere uja amayamba wamunyika kuti amere, ngati momwe timachitira chimera. Ndikafotokoza zimenezi, ndimawakumbutsanso kuti Budweiser wa kwawo, amene anayamba ku St. Louis mu 1876, anabwera ndi Adolphus Busch, munthu wobadwira ku Germany. Ambiri amatukula maso. Moti mowa umenewu si wachilendo kwa iwo, ndi wa makolo a mowa wawo.

Ndikhulupirira kuti mowa wa ku Germany uli ndi malo pakati pa anthu amenewa, makamaka otopa ndi zowawa. Bambo wina wa ku Texas, amene kwa miyezi iwiri ankakana china chilichonse kupatula IPA, tsopano akangokhala pansi amaloza tambula yaitali ija. Ndinamuphunzitsanso kugunditsa kunsi kwa tambula, kumene galasi lake ndi lochindikala, pomati "Prost", mawu amene a ku Germany amafunirana nawo zabwino pakumwa.