Kateredwe ka Ndege Zankhondo mu DCS World ndi IL-2 Sturmovik

Osewera ambiri a DCS World ndi IL-2 Sturmovik, masewera apakompyuta oyendetsa ndege zankhondo, amadziwa kuwombera adani asanadziwe kutera, ndipo ndege zambiri zimene zapulumuka kunkhondo zimakaswekera pabwalo lakwawo. Masewerawa amawerengera kulemera kwa ndege, kufewa kwa miyendo yake, kagwiridwe ka matayala pansi ndiponso mphepo, motero ndege iliyonse imafuna kateredwe kogwirizana ndi mmene miyendo yake inapangidwira. Musanayambe kuloweza manambala a liwiro, yambani mwadziwa pamene pali mawilo akuluakulu poyerekeza ndi pamene pagona kulemera kwa ndegeyo, chifukwa zina zonse zimachokera pamenepo.

Ndege zambiri za m'nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, monga Bf 109, Spitfire, Fw 190 ndi P-51D Mustang, zili ndi mawilo awiri kutsogolo ndi kawilo kamodzi kumchira, ndipo kulemera kwake kuli kumbuyo kwa mawilo akuluwo. Ndege yotere ikagunda pansi mwamphamvu ndi mawilo akutsogolo okha, mchira umapitiriza kutsika, mphuno imadzuka, mapiko amagwira mpweya wochuluka ndipo ndegeyo imanjanja n'kubwerera m'mwamba liwiro litatha kale. Wosewera wosazolowera amakankhira chiwongolero kutsogolo mwamantha, n'kugundanso pansi kachiwiri mwamphamvu kuposa poyamba, ndipo kugunda kwachitatu nthawi zambiri kumathyola mwendo kapena kupinda pulopela.

Njira yopewera zimenezi imayambira kutali ndi bwalo. Chepetsani liwiro musanatsitse miyendo, pakuti ili ndi malire ake: P-51D imafuna liwiro losapitirira mamailosi 170 pa ola, pomwe Spitfire Mk IX imafuna losapitirira 160. Mukadina batani la G, limene m'masewerawa ndilo limatsitsa miyendo ngati simunasinthe mabatani, musangokhulupirira phokoso lake, koma onani magetsi obiriwira osonyeza kuti miyendo yatsika n'kutsekeka. Miyendo ndi ma flaps (zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene zimathandiza ndege kuuluka pa liwiro lochepa) zikatsika, ndege imasintha kakhalidwe kake m'malere, choncho konzaninso trim (kachipangizo kochepetsera mphamvu imene mumagwirira chiwongolero) mpaka iziyenda yokha popanda kulimbana ndi chiwongolero. Chifukwa mphuno za ndegezi ndi zazitali ndipo zimaphimba bwalo, oyendetsa ake ankatsika mokhota pang'onopang'ono kuti aziona poterapo chakumbali mpaka kumapeto, ndipo njira imeneyi imagwiranso ntchito pakompyuta.

Mukafika pamwamba pa chiyambi cha bwalo, chepetsani mphamvu ya injini, kokerani chiwongolero kumbuyo pang'onopang'ono, ndipo muyesetse kuti ndege isatere. Malangizowa akumveka achilendo, koma cholinga chake n'chakuti ndegeyo iyandame pafupi kwambiri ndi nthaka, liwiro likutha ndipo mphuno ikukwera, kufikira itaima mmene imaimira ikakhala pansi. Ikatero mawilo onse atatu amakhudza pansi nthawi imodzi, ndipo mapiko amakhala alibenso mphamvu yoibwezera m'mwamba. Kuti maso anu azolowere kaimidwe kameneka, khalani kaye m'ndegeyo ili pansi musananyamuke, n'kuona pamene malekezero a dziko akudutsa m'mbali mwa mphuno. Ngati yanjanja pang'ono, gwirani chiwongolero pamene chili, onjezerani mphamvu pang'ono, ikhazikikenso. Ngati yanjanja kwambiri, nyamukaninso mukazungulire, koma mphamvu ya injini muziionjezera mwapang'onopang'ono, chifukwa injini ya Bf 109 kapena Mustang ikapatsidwa mphamvu yonse mwadzidzidzi liwiro lili lochepa imapotokolera ndege kumanzere.

Gawo loopsa kwambiri limayamba mawilo atakhudza kale pansi. Popeza kulemera kuli kumbuyo, ndege ikangopatuka pang'ono mchira umafuna kupitirira mphuno, ndipo kupatukako kumakula kokha mpaka ndege itazungulira ngati nguli, phiko limodzi likukhula pansi. Osewera amati imeneyi ndi ground loop. Gwirani chiwongolero kumbuyo kwenikweni kuti kawilo ka kumchira kakanikizike pansi, yang'anani kutali m'mbali zonse ziwiri za mphuno, ndipo mukonze kupatuka kulikonse kukangoyamba, popondako rudder (chiwongolero cha kumchira chokhotetsera mphuno kumanja kapena kumanzere) mwachidule n'kusiya msanga. Amene amaponda n'kukhalitsa phazi amangosamutsira vutolo mbali inayo. Liwiro likamatsika rudder imafooka chifukwa mpweya wodutsa kumchira wachepa, ndipo ndi pamenepo pamene mabuleki a mbali imodzi amayamba kuthandiza. Mabuleki onse awiri akagwidwa mwamphamvu liwiro likadali lalikulu, ndege imagwa chamutu.

Apa m'pamene ndegezi zimasiyana kwambiri. Miyendo ya Bf 109 inamangidwa pathupi la ndege osati m'mapiko, motero mawilo ake ndi oyandikana ndiponso opendekera kunja, ndipo kuiwala kutseka kawilo ka kumchira ndi kachogwirira kake musanatere n'kudziitanira ngozi. Mu Fw 190 ndi P-51D, zimene miyendo yake ndi yotalikirana, kawiloko kamatsekeka mukakokera chiwongolero kumbuyo, ndipo ka Mustang kakatsekeka kamatsatirabe rudder mpaka madigiri 6 mbali iliyonse. Spitfire ilibe chotsekera chilichonse, miyendo yake ndi yoyandikana, ndipo mabuleki ake ndi a mpweya: mumafinya kachogwirira ka pachiwongolero, kenako zopondera za rudder ndizo zimagawa mphamvuyo kumanja kapena kumanzere. M'kuona kwanga, wophunzira ayambire pa Mustang kapena Fw 190, ndipo Spitfire aifike pomalizira. Ngati mulibe zopondera, ikani mabuleki pa chogwirira chimene chimalola kufinya pang'ono kapena kwambiri, chifukwa batani la pakiyibodi limangodziwa kugwira konse kapena kusiya konse. Ngati zimenezo sizitheka, muzilidina mwachidule kangapo.

Ndege za jeti zili ndi wilo kumphuno, kulemera kwake kuli kutsogolo kwa mawilo akulu, ndipo zikatera zimafuna zokha kuyenda molunjika. Chimene muyenera kusamala pa izi ndi ngodya imene mapiko akukumanira ndi mpweya, imene pa zida za m'ndege imalembedwa AoA. F/A-18C Hornet inapangidwira sitima zonyamula ndege, miyendo yake ndi yolimba kwambiri, ndipo simuikweza mphuno pomalizira. Tsitsani miyendo liwiro lili pansi pa ma knots 250 (knots ndi muyezo wa liwiro la ndege ndi sitima), konzani trim mpaka ngodyayo ifike madigiri 8.1 ndipo kabwalo kachikasu ka pachida chosonyeza AoA kayake, kenako gwiritsani ntchito mphamvu ya injini pokweza kapena kutsitsa ndege mpaka igunde pansi. Pasitima, mawilo akangokhudza onjezerani mphamvu nthawi yomweyo, kuti ngowe ya kumchira ikaphonya zingwe zoimitsira ndege muthe kunyamukanso. F-16C ikateredwa mwanjira imeneyi imawonongeka, chifukwa miyendo yake ndi yopepuka ndiponso yoyandikana. Iyo imafuna kuti mukweze mphuno pang'ono musanagunde, kenako muisunge m'mwamba pa madigiri 13 kuti thupi la ndege lichepetse liwiro, n'kutsitsa wilo lakutsogolo liwiro likafika pafupifupi ma knots 100. Mukapitirira madigiri 15, kumbuyo kwa ndege kumakhula pansi.

Pobwerera kunkhondo ndege itawomberedwa, yesani miyendo mukadali m'mwamba kwambiri. Spitfire ili ndi botolo la mpweya lotsitsira miyendo pangozi, ndipo mu Mustang mumamasula mphamvu ya hydraulic (ya mafuta opanikizidwa amene amayendetsa miyendo) n'kugwedeza mapiko kuti miyendo igwe yokha n'kutsekeka. Ngati mwendo umodzi wokha ndi umene watsika, ndi bwino kuubweza ngati zikutheka n'kutera chamimba pa udzu, mutazimitsa injini ndi kutseka mafuta musanagunde. Mukamaliza, onerani kanema wa ulendowo muli kunja kwa ndege, n'kuona wilo limene linayamba kukhudza pansi ndiponso mmene rudder inkayendera m'masekondi oyambirira mutatera.