Momwe mungalembere chikwangwani ndi kukoka mizere pagalimoto ndi bulashi

Masiku ano ambiri akuthamangira zomata za pulasitiki zodula pakompyuta. Zimaoneka bwino miyezi yoyamba, koma dzuwa la Okutobala likaziwomba zimayamba kupindika m'mbalimu, ndipo pakhoma la pulasitala wokhakhala sizigwira n'komwe. Chilembo cha penti chikalembedwa bwino chimakhalapo zaka, chikazilala mumangodutsamonso. Ndalemba pa magolosale, masaluni, zigayo ndi maminibasi, ndipo zili m'munsimu ndi zomwe ndimachita ndikakhala pantchito.

Kugula zipangizo

Pachitsulo, pathabwa ndi pagalimoto gwiritsani ntchito penti wamafuta, yemwe kuhadiweya amamutcha gloss enamel. Pakhoma la simenti ndi bwino penti wamadzi, makamaka acrylic wa panja. Gulaninso turpentine wosungunulira penti wamafuta, choko, chingwe chopyapyala, tepi yapepala, nsanza zoyera za thonje ndi sandipepa. Mitundu yoyambira ndi isanu: wakuda, woyera, wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Ina yonse mudzasakaniza nokha.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penti wakwera moti ambiri akugula wopima m'timabotolo ta madzi akumwa. Chenjerani naye. Ogulitsa ena amathiramo palafini kuti achuluke, ndipo penti wotere amakhala masiku akumata m'manja, fumbi lonse la pamsewu nkumakakamira pamenepo. Gulani chitini chaching'ono chosatsegula cha kampani yodziwika, monga Plascon kapena Dulux, ndipo yang'anani chivindikiro: chikakhala ndi zipsera za sikuludilaiva, chisiyeni. Chitini chaching'ono cha wakuda chimalemba zikwangwani zambiri kuposa momwe mungaganizire, chifukwa zilembo sizidya penti. Chomwe chimadya ndi mtundu wa pansi, pomwe zilembo zimakhala.

Pa bulashi musaumire. Zija zokutira zitseko sizingalembe chilembo. Funani ya ubweya wofewa, wautali, yosongoka mophwatalala, m'masitolo ogulitsa zipangizo za ojambula kapena za sukulu. Ziwiri zikukwanirani poyamba, yaing'ono ndi yapakati. Mudzafunanso ndodo yosalala yotalika ngati mkono, kunsonga mutamanga kampira ka nsanza. Kampirako kamatsamira pachikwangwani, dzanja lolembera nkutsamira pandodo, kuti lisanjenjemere komanso lisakhudze penti wosauma.

Kukonza pomwe mulembe

Apa ndipo pagona ntchito yonse, ndipo ndi pomwe ndinaonera zakuda. Mwini minibasi wina anabwera ndi Toyota Hiace yake kuti ndilembe dzina kumbuyo ndi kukoka mizere m'mbali. Pofuna kundisangalatsa anayamba wadutsira kwa anyamata otsuka magalimoto, omwe anaipaka polishi mpaka kumawala ngati galasi. Nditangogunditsa bulashi, penti anayamba kuthawa, kusiya timaenje ting'onoting'ono pakati pa chilembo. Ndinadutsamonso kachiwiri, zinaoneka ngati zagwira. Posapita nthawi mwiniwake anabwera atakwiya, zilembo zikusendeka ndi chikhadabo, zina zitapita kale ndi madzi otsukira. Ndinalembanso ulere, penti wanga, tsiku langa.

Chifukwa chake n'chakuti polishi amakhala ndi phula komanso silikoni, ndipo penti sagwira pa zinthu ziwirizi. Silikoni ndi wovuta kwambiri, chifukwa saoneka ndi maso komanso sachoka ndi madzi okha. Amapezekanso m'mankhwala aja amapopera matayala ndi dashibodi kuti ziwale, ndipo nsanza imodzi yomwe anapukutira tayala ikadutsa pachitseko, basi, wafalikira paliponse.

Ndiye chitani chonchi. Muuzeni mwini galimoto asanabwere kuti asapake chilichonse. Ikafika, itsukeni nokha ndi sopo wotsukira mbale ndi madzi ambiri, ndipo muiumitse. Kenako tengani nsanza ziwiri zatsopano. Imodzi muinyowetse ndi sipiriti kapena mankhwala ochotsa mafuta omwe amagulitsa ogulitsa penti wamagalimoto, mupukute kachigawo kakang'ono, nthawi yomweyo mudutsemo ndi youma pasanaume. Mukadikira kuti paume pokha, phula lija limangobwerera pomwe linali. Muzitembenuza nsanza pafupipafupi, ikada muitaye. Bwerezani kawiri kapena katatu.

Kuti mudziwe ngati payera, thirani timadzi pang'ono. Madzi akaundana timadontho tozungulira, phula likadalipo, yambiraninso. Akayenderera mosalala ngati chinsalu, pakonzeka. Mukatero umitsani, ndipo musagwirepo ndi dzanja, chifukwa thukuta nalo ndi mafuta. Chinanso: maminibasi ambiri anapoperedwanso penti m'magalaja a m'makwalalamu, ndipo penti wotereyu amatha kusungunuka ndi mankhwala amphamvu. Yesani kaye pamalo obisika, monga mkati mwa chitseko. Thina wa penti wopopera musamuyandikize n'komwe, amadya utoto wa galimoto pompopompo. Sandipepa nayonso siyofunika pagalimoto.

Pakhoma vuto ndi lina. Pulasitala watsopano amafuna milungu pafupifupi inayi kuti aume bwino, apo ayi simenti imawotcha penti nkuyamba kutuwa ndi kufufuma. Khoma lopakidwa laimu muyenera kulipala mpaka laimu yense atachoka. Malata atsopano osachita dzimbiri nawo amakana penti wamafuta, amasendeka ngati khungu pakapita miyezi, choncho yambani ndi penti woyalira wopangira malata. Chitsulo wamba chipaleni dzimbiri, mupake red oxide, penti woyalira woteteza dzimbiri, kenako mtundu wa pansi kawiri, kusiya tsiku lathunthu pakati.

Kuyala mawu

Musanakhudze choko, mwini ntchito alembe yekha mawu ake papepala ndipo asainire. Nambala ya foni muwerengere limodzi mokweza. Mawu ngati ng'ombe ndi ng'anjo amafuna kachizindikiro kake, ndipo kakasowa pachikwangwani cha butchala anthu amaseka mwini sitolo pamodzi ndi wolemba.

Kukula kwa chilembo kumatengera komwe owerenga aimirire. Lamulo lomwe olemba zikwangwani amatsatira n'lakuti masentimita awiri ndi theka a kutalika kwa chilembo amawerengeka bwino pa mtunda wa mamita atatu. Sitolo ikakhala mamita 30 kuchokera pamsewu, dzina lake likhale lotalika masentimita 25 kapena kuposa. Eni masitolo amakonda kudzaza chilichonse, shuga, sopo, ma unitsi, makala, mpaka vesi. Akambireni mwaulemu kuti munthu wa pa kabaza ali ndi mphindi yochepa yoti awerenge. Dzina likule, zina zitsike pansi.

Pakani choko pachingwe, anthu awiri achikoke mothina, inu muchikweze pakati nkuchisiya, chisiya mzere wowongoka. Mizere iwiri pa mzere uliwonse wa mawu, wapamwamba ndi wapansi. Kuti mawu akhale pakati, werengani zilembo pamodzi ndi mipata, mupeze chapakati, muyambire pamenepo kupita mbali zonse. Mipata ya pakati pa zilembo musayeze ndi rula, yezani ndi diso: zilembo zowongoka monga H, I ndi N zimafuna kutalikirana, zozungulira monga O ndi C ziyandikire, ndipo A akakumana ndi V kapena T alowerane pang'ono. O ndi S zidutse mzere pang'onong'ono pamwamba ndi pansi, apo ayi zimaoneka zazifupi. Mukajambula ndi choko, wolokani msewu mukayang'ane muli kutsidya.

Ngati mawu omwewo mulembe pa zitseko ziwiri za lole, jambulani kamodzi papepala lalikulu, muboole timabowo motsatira mizere ndi singano, mumate pepalalo ndi tepi, nkumagunda ndi kansanza komangamo ufa wa choko kapena wa makala. Timadontho totsalira ndi tomwe mutsatire.

Kulemba

Thirani penti wamafuta pang'ono m'kachitini, mudonthezere turpentine pang'onopang'ono mpaka aziyenda osadontha. Viikani bulashi, muisisite pakatoni yosalala mbali zonse kuti ubweya uphwatalale. Chilembo chilichonse chimamangidwa ndi mikwingwirima yochepa yokoka kuchokera pamwamba kutsika, osati kupaka uku ndi uku. O ndi mikoko iwiri, kumanzere ndi kumanja. Polakwika pukutani msanga ndi nsanza yokulunga pachala. Wachikasu ndi wofiira amafuna kudutsamo kawiri, mawa lake. Mthunzi wa chilembo uikeni mbali imodzi yokha pa chikwangwani chonse, kawirikawiri pansi chakumanzere.

Lembani m'mawa kapena pamthunzi. Chitsulo chotentha chimaumitsa penti pabulashi pomwepo. Nyengo ya chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje penti amachedwa kuuma ndipo amataya kuwala, ndiye dikirani dzuwa lituluke.

Mizere yopyapyala ya pagalimoto

Luso limeneli, lomwe amalitcha pinstriping, linayambira pa ngolo za akavalo, ndipo linatchukanso ku California m'zaka za m'ma 1950 kudzera mwa Kenny Howard, yemwe ankadziwika kuti Von Dutch. Bulashi yake ndi yapadera: kachigwiriro kakafupi, ubweya wautali wa gologolo wooneka ngati lupanga. Zodziwika kwambiri ndi za kampani ya Mack ya ku America, ndipo kuno n'zosowa, ambiri amaitanitsa kwa abale a ku Johannesburg. Zotchipa za paintaneti zina zimathothoka ubweya pa mzere woyamba.

Matani tepi ngati kalozera, pang'ono pansi pa pomwe mzere udutse. Gwirani bulashi ndi chala chachikulu ndi cholozera, kachala kakang'ono kakutsetsereka pagalimoto. Kokani ndi thupi lonse mukuyenda chambuyo, maso ali patsogolo pa bulashi. Mukasindikiza mzere umakula, mukapepuza umachepa. Penti akatha, yambirani mkati mwa mzere wakale pang'ono. Phunzirirani pagalasi lakale la windo, mukupukuta ndi kubwereza, musanapite pagalimoto ya munthu. Zonyezimira za chitetezo ndi nambala ya galimoto musazikhudze.

Galimoto isatsukidwe sabata yathunthu, polishi adikire mwezi. Choko chotsalira chichotseni ndi nsanza yonyowa penti atauma. Bulashi itsukeni ndi turpentine, muipake oilo wa injini woyera, muigoneke mowongoka m'kabokosi, ndipo mudzatsukenso oiloyo musanalembe. Pa mtengo, werengerani penti, mayendedwe ndi masiku odikira kuti paume, mutenge theka la ndalama musanayambe. Chikwangwani choimika m'mbali mwa msewu mumzinda chimafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo amene akachitenge ndi mwini bizinesi, mumuuziretu.