Pulogalamu Yojambulira Sikirini pa Mavidiyo Ophunzitsa

Mwafunsa pulogalamu yojambulira sikirini ndi kukonzera mavidiyo osonyeza anthu kagwiritsidwe ntchito ka softiweya, inu mukufotokoza ndi mawu.

Choyamba onani thumba. Ngati ndalama ilipo, tengani Camtasia: imajambula ndi kukonza pamalo amodzi, ndipo kukulitsa batani lomwe mukudina n'kosavuta. Ngati palibe, jambulani ndi OBS Studio, yaulere, koma siidula vidiyo. Kudulako muchitire mu Shotcut kapena Kdenlive.

Kenako yesani kaye mphindi imodzi pa 1080p (muyeso wa kukula kwa chithunzi cha vidiyo); mafelemu (zithunzi) 30 pa sekondi ndi okwanira. Muionere pa foni: zilembo zikuwerengeka?

Mawu ndiye amavuta. Ine ndimayamba ndalemba zonena, n'kuzijambula padera mu Audacity, pulogalamu yojambulira mawu, chifukwa ukamadina uku ukulankhula umangoti "eee". Mukalumikiza mawu ndi vidiyo, sungani ngati MP4 (mtundu wa fayilo ya vidiyo).