Gitala yakale yomwe inkandipweteka zala

Gitala iyi ndinaigula kwa mnyamata wina wa kwaya yemwe ankasamukira ku Joni. Mtengo wake unali wotsika moti sindinanenerere n'komwe. Ndinangoona kuti thupi lake lilibe mng'alu, basi n'kulipira.

Vuto ndinaliona nditafika kunyumba. Nsambo zinali patali kwambiri ndi khosi, makamaka chapakati, ndipo ndikaimba mphindi 10 zokha zala zinkachita kuwawa. Poyamba ndinkaganiza kuti nsambozo ndi zakale, ndiye ndinagula zatsopano. Sizinathandize.

Kenako ndinadina nsambo yaikulu kuposa zonse pa kachitsulo koyamba (mwa tizitsulo topingasa pakhosi la gitala) ndi ka nambala 14 nthawi imodzi, n'kusuzumira pa ka nambala 7. Pamenepo pamayenera kutsala kampata kongokwana kapepala kolimba, koma panga pankalowa ndalama yachitsulo. Khosi linali litapindikira kutsogolo chifukwa chokokedwa ndi nsambo kwa zaka zambiri.

M'kati mwa khosi la magitala ambiri mumakhala chitsulo chachitali chowongolera khosilo chotchedwa truss rod, ndipo pa yangayi mutu wake umaonekera pa bowo la gitala. Ndinabwereka Allen key (kasipanala kopindika ngati L) ya 4mm kwa wokonza njinga, ndinamasula nsambo pang'ono, n'kupotokola chitsulocho kumanja kota imodzi yokha. Osapupuluma apa, chikathyoka kukonza kwake n'kovuta kwambiri. Ndinaisiya usiku wonse kuti mtengo ukhazikike, m'mawa n'kuwonjezera kota ina.

Pano zala sizikudandaulanso. Kachitsulo kachitatu kokha ndi komwe kanaperepeseka, nsambo yachiwiri imalira ngati njuchi ikafika pamenepo. Kameneko ndakasiyira mmisiri.