Mmene mungadziwire ngati anthu akusamukira kapena akuchoka mu county yanu ku Indiana

Abale anga amene muli ku South Bend ndi ku Indianapolis, funso loti "kodi anthu akulowera kuti masiku ano" limabwera pafupipafupi tikakumana, makamaka kwa amene akufuna kugula nyumba kapena kutsegula kabizinesi, ndipo zimandipweteka kuona munthu akuika ndalama zomwe wavutikira ma shift ausiku potengera zongomva. Chonsecho manambala ake alipo aulere, masamu akenso ndi apulaimale.

Indiana ili ndi ma county 92, tingoti ngati maboma akwathu aja ngakhale kuti ife tili nawo 28 okha. Chimene mukufuna kupeza pa county iliyonse amachitcha net migration, kutanthauza anthu amene asamukiramo kuchotsera amene achokamo. Yankho likakhala pulasi ndiye kuti olowa achuluka, likakhala mainasi anthu akuchoka kuposa amene akubwera.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa, amangoona kuti chiwerengero cha anthu chakwera nkumati basi kukubwera anthu. Ayi ndithu. Chiwerengero chimakweranso ndi ana obadwa. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 903,393 ku Marion County komwe kuli Indianapolis, wa 2020 anapeza 977,203, kukwera kwabwino ndithu, koma kwa zaka zambiri anthu ochoka ku Marion kupita madera ena a mu America momwemo akhala akuchuluka kuposa obwera kuchokera maderawo, chimene chimaikweza ndi ana obadwa komanso obwera kuchokera kunja kwa dziko. Ndiye ambiri ochokawo sapita patali, amangodumpha malire kulowa ku Hamilton, Hendricks, Boone, Johnson kapena Hancock. Hamilton, komwe kuli Carmel ndi Fishers, inachoka pa 274,569 kufika 347,467 pa zaka khumi zomwezo, anthu 72,898 oonjezera, pafupifupi chimodzimodzi ndi 73,810 a Marion pomwe anthu ake ndi ochepa kwambiri poyerekeza.

Tsono muyambe chonchi. Lowani pa intaneti mufufuze Population Estimates za US Census Bureau, musankhe tebulo la ma county lomwe lili ndi components of change, kutanthauza obadwa, omwalira ndi osamuka, limabwera ngati fayilo yotsegula mu Excel. Ngati fayilo ya dziko lonse ikukuzunguzani mutu pitani pa STATS Indiana, a Indiana Business Research Center ku Indiana University anasanja kale za state ino yokha. Chaka chawo chimayamba pa 1 July kukathera pa 30 June, osati January mpaka December, ndipo chaka chilichonse akatulutsa manambala atsopano amakonzanso azaka zam'mbuyo, ndiye musasakanize fayilo ya chaka chino ndi ya chaka chatha, tengani zonse mu fayilo imodzi.

Mu tebulomo net migration anawerengera kale, koma ndi bwino mudziwe kuipeza nokha. Tiyerekeze county ina inali ndi anthu 50,000 chaka chatha ndipo pano ili ndi 50,200. Yakwera ndi 200. Chaka chomwecho kunabadwa ana 700, kunamwalira anthu 400, ndiye kuti pakanapanda wosamuka ngakhale mmodzi ikanakwera ndi 300. Pa 200 paja chotsanipo 300, mupeza mainasi 100. County yakula koma anthu 100 achoka kuposa amene alowa.

Nambala imeneyi payokha simungayerekezere nayo ma county, muisandutse rate. Phatikizani chiwerengero choyambira ndi chomalizira mugawe pawiri, apa ndi 50,100. Gawani mainasi 100 uja ndi 50,100 kenako mutaimuse ndi 1,000, yankho ndi pafupifupi mainasi 2, kutanthauza kuti pa anthu 1,000 aliwonse awiri atayika chifukwa cha kusamuka. Osadumpha sitepe imeneyi chonde. Anthu 500 atachoka ku Marion palibe angazindikire, sakukwana ndi munthu mmodzi yemwe pa 1,000, koma 500 omwewo atachoka ku Ohio County ya mu Indiana momwemo komwe mu 2020 kunali anthu 5,940 okha ndiye kuti 84 pa 1,000 apita, masukulu ndi masitolo angamve kuwawa chaka chomwecho. Mukapanga fomyula pa mzere umodzi mu Excel ingoikokerani pansi mpaka ma county onse 92 atha, kenako muwasanje kuyambira wamkulu.

Mukatero yang'anani ma column awiri a mu tebulomo, international (osamuka pakati pa America ndi maiko ena) ndi domestic (osamuka mkati mwa America momwemo), osangothamangira total. Mchemwali wanu akatsika ndege kuchokera ku Lilongwe nkukakhala ku South Bend, St. Joseph County yapeza munthu mmodzi ku mbali ya international. Chaka chamawa akapeza ntchito ku Indianapolis nkusamuka, St. Joseph yataya mmodzi ku domestic ndipo Marion yapindula. Kwa inu ofuna kugulitsa ufa, usipa ndi chitenje column ya international ndi yomwe ikukuuzani zenizeni, pomwe wogula nyumba kuti adzagulitsenso aziyang'ana zonse ziwiri.

Pali ma county ena omwe manambala ake amapusitsa. Monroe kuli Indiana University, Tippecanoe kuli yunivesite ya Purdue, St. Joseph kuli yunivesite ya Notre Dame, ndipo ana asukulu amawerengedwa komwe akugona nthawi zambiri osati kwa makolo awo, ndiye kumalowa chinamtindi cha azaka 18 ndipo akamaliza maphunziro ambiri amachoka. Akaidi nawonso amawerengedwa komwe kuli ndende, monga ku LaPorte County komwe kuli ndende yaikulu ya ku Michigan City. Kuti muone misinkhu ya amene akulowa ndi kutuluka, a University of Wisconsin ali ndi tsamba la net migration ya ma county onse a mu America kuyambira zaka za m'ma 1950, logawidwa potengera zaka za anthu.

Komanso county ndi dera lalikulu, limabisa zambiri. Lake County inali ndi anthu 496,005 mu 2010 ndipo 498,700 mu 2020, ungati palibe chachitika, koma mkati mwake muli mzinda wa Gary womwe mu 1960 unali ndi anthu 178,320 ndipo pofika 2020 anatsala 69,093 ntchito zam'mafakitale azitsulo zitachepa, pomwe chakumwera ku Crown Point ndi St. John nyumba zatsopano zikungomera, ena mwa ogulawo akuchokera ku Illinois.

Net migration siikuuzaninso kuti anthuwo achokera kuti kapena alowera kuti, ziro ikhoza kutanthauza kuti palibe wasuntha kapena 5,000 alowa 5,000 atuluka. Zimenezo mukazipeza mu migration data ya IRS, bungwe lotolera misonkho ku America, iwo amayerekeza ma adiresi omwe anthu alemba pa mafomu amsonkho chaka ndi chaka, kungoti amene salemba mafomuwo saonekamo. American Community Survey, kafukufuku wa Census Bureau, nayo imafunsa komwe munthu amakhala chaka chapitacho, koma imafunsa anthu ochepa chabe, ndiye pa county yaing'ono muziyang'ana margin of error ili pambaliyo, nambala yosonyeza mmene yankholo lingaphonyere, ikaposa nambala yeniyeniyo isiyeni. Ndipo musagamule ndi chaka chimodzi, makamaka 2020 ndi 2021 nthawi ya Covid ija, tengani zaka zisanu zotsatana muone ngati mainasi kapena pulasiyo akubwerezabwereza.