Relay ikumangodziyatsa yokha? Musathamangire ku code

Relay, ka switch koyendetsedwa ndi magetsi, ikayamba kumangolira yokha kuti khethe khethe, kapena babu likamaphethira nthawi iliyonse bodi yoilamula (ngati Arduino, ESP8266 kapena ESP32) ikuyaka, ambiri timathamangira kusintha code, chonsecho vuto limakonda kukhala pa pin (kamwendo ka bodi kolumikizapo waya) yomwe tasankha kapena pa magetsi odyetsa bodiyo. Musanagwire chilichonse zimitsani kaye pa switch yaikulu n'kuchotsa mawaya a magetsi a m'nyumba pa relay, magetsi amenewa amapha ndithu. Yesani relay ili yokhayokha.

Funso loyamba ndi loti imavuta nthawi yanji. Ngati ndi poyaka pokha, ndiye ndi nkhani ya pin. Bodi ikangoyaka, code isanafike pa pinMode (lamulo louza pin ntchito yake), ma pin ambiri amakhala ali lende osagwira ku HIGH (volteji yokwera) kapena ku LOW (0V), ena amagwiritsidwa ntchito ndi chip posankha mmene iyakire. Pa ESP8266 ma pin a GPIO0 ndi GPIO2 zimafunika zikhale HIGH poyaka pomwe GPIO15 ikhale LOW, pa NodeMCU, bodi yokhala ndi ESP8266, ndi zomwe zalembedwa D3, D4 ndi D8 zija. Mukalumikiza relay pamenepo imatha kukoka pin kolakwika mpaka bodi osayaka n'komwe. Samutsirani pa D1 kapena D2, amenewa sachita phokoso poyaka, ine ndimayambira pamenepo nthawi zonse. Pa ESP32 pewani GPIO0, 2, 5, 12 ndi 15, ma 6 mpaka 11 ndi a flash musawakhudze, ndipo 34 mpaka 39 ndi olandira basi sangayendetse relay.

Dziwaninso kuti ma module ambiri (timabodi tobwera kale ndi relay) amayaka pin ikakhala LOW osati HIGH. Ndiye ikani resistor ya 10k pakati pa pin ndi 3.3V (pa Uno 5V) kuti relay izikhala yozima mpaka code ilamule. Pa Arduino Uno ndi ESP8266 zimathandizanso kulemba digitalWrite ya HIGH musanalembe pinMode, apo ayi pin imayamba ndi LOW relay n'kukhethemuka kamodzi.

Ikamavuta pakatikati zinthu zili mkati moyenda, kayikirani magetsi. Coil ya relay ya 5V, ngati ya SRD-05VDC ija, imadya pafupifupi 70mA, pomwe pin ya ESP8266 imapereka 12mA basi, ya Uno 20mA, ndiye relay yopanda module osailumikiza pa pin mwachindunji, pafunika transistor ndi diode ngati 1N4007 yopingasa pa coil, mbali ya kamzere ikuloza ku positive. Mukaphatikizapo Wi-Fi yomwe imakoka magetsi modzidzimutsa potumiza, ndi relay zingapo zonse zili pa tchaja chofooka ndi waya wa USB wowonda, volteji imagwa bodi n'kuyambiranso. Tsegulani Serial Monitor (zenera loonetsa mauthenga a bodi pa kompyuta) pa liwiro la 115200, pa ESP32 mukaona mawu oti Brownout detector was triggered palibenso chokayikitsa apa. Pezani adaputa ya 5V ya 2A, ikaninso capacitor ya 470uF ndi ka 100nF pafupi penipeni ndi bodi.

Pali china chomwe chimasowetsa anthu mtendere kwambiri, relay kukana kuzima kapena ka LED kake kumayakabe mozilala. Module ikudya 5V koma ESP ikati HIGH ikupereka 3.3V yokha, ndiye pa optocoupler, kachipangizo ka pa module kolandira lamulo la pin, pamatsalabe 1.7V yomwe pa ma module ena imakwana kudutsitsa timagetsi pang'ono. Ngati module yanu ili ndi jumper yolembedwa JD-VCC, ichotseni, VCC ipite ku 3.3V ya bodi, JD-VCC ipite ku 5V yodyetsa ma coil. Pomwe palibe jumper ikani transistor pakati pa pin ndi module, ndipo GND ya bodi ndi ya module zikhale zolumikizana.

Zonse zikamayenda bwino popanda katundu koma mukangobwezeretsa fani kapena pampu bodi n'kumasokonekera, ndi moto wothetheka pa ma contact a relay. Ikani snubber yochepetsa motowo mopingasa pa ma contact, yomwe ndi resistor ya 100 ohm ndi capacitor ya 100nF ya mtundu wa X2 zolumikizidwa motsatizana, ndipo mawaya a pin akhale aafupi, atalikirane ndi a magetsi a m'nyumba. Breadboard, kabodi ka mabowo koyeserapo, nayonso musaidalire pa chinthu chokhalitsa m'khoma, mabowo ake amakhwepa, wotcherani ndi solder kapena mangani pa ma terminal a sikuluwu.